Magetsi onse anayaka pa dashibodi, makarapao ali kumbuyo

Mphwanga, wafunsa kuti geni ya ku Milange imayenda bwanji, komanso ngati n'kwanzeru kugula kagalimoto kako m'malo momakweza katundu pa kabaza. Zosintha makwacha ndi zodinditsa mapepala pa Muloza ukaziona wekha, mwana aliyense wa ku Limbuli amazidziwa. Ine ndikuuze za galimoto, chifukwa ndi imene inatsala pang'ono kundibwezera ku khasu.

Munali mu Januwale, mvula yathu ija yosakata. Probox yanga inali thi ndi makatoni a makarapao, mpamba wake wina wa ku banki mkhonde, wina wa katapila. Nditangodutsa pa Chitakale, magetsi onse pa dashibodi anayakira pamodzi, la injini, la mabuleki a ABS, la batire. Kenako injini zii.

Makaniko woyamba analumikiza kamakina kake koyezera, n'kutuluka nambala ya vuto U0100. Osaganiza n'komwe, akuti "Bwana, brain box, kompyuta ya injini, yapsa, kaguleni ina ku Limbe." Ndinapita, ndinagula yochotsa m'galimoto ya ngozi, ndi ndalama yonse yomwe inatsala m'thumba. Kuiika, U0100 yomweyo! Apo n'kuti nsomba zikusungunuka, madzi akudontha pansi pa galimoto, ntchentche za Mulanje yense zitasonkhana.

Ndiye kunabwera abwana ena a yunifolomu. Munthu ali pamaliro a mpamba wake, iwo akufunsa ya Fanta, ati ndaimika molakwika. Ananyamula makatoni awiri kuti akayeze ngati nsombazo zili zabwino. Mpaka lero akuyezabe. Anthu amenewa sanakongolepo katapila, n'chifukwa chake. Ukadzawaona usamachite makani, komanso usamawaonetse thumba lomwe muli ndalama zenizeni.

Anandipulumutsa ndi mdala wina wa ku Luchenza wokonza mawaya. Anandiseka kaye. Akuti nambala yoyambira ndi chilembo cha U sinena kuti chipangizo chafa, imanena kuti makompyuta a m'galimoto asiya kumvana, ndipo U0100 ndi kompyuta ya injini imene yasiya kuyankha anzake. Amalankhulana pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN. Anamasula batire, n'kuyeza pa pini 6 ndi 14 pa soketi ya OBD ili pansi pa chiwongolero. Mita inawerenga ma ohm 60, kusonyeza kuti mawayawo ali bwinobwino. Anatsata mafyuzi, kenako waya wa earth. Pomwe umagwira bodi panali dzimbiri lokhalokha chifukwa cha madzi. Anapala, anamanga, injini n'kulira ngati sinalakwe kanthu.

Nsombazo ndinagulitsa kwa woweta nkhumba, mtengo wake sinditchula. Katapila ndinamaliza m'nyengo ya nandolo, ndipo lero ndili ndi magalimoto awiri, kafunse pa Muloza. Brain box ija ilipo, alamu ako amatchingira chitseko cha khitchini. Ukagula Probox ubwere, ndikugulitsa motchipa.