Za ulendo wanu wa kumapiri a kumpoto

Eya, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Achemwali, mwaswera? Funso la mwana wanuyu ndaliona, koma kulemba pafoni kumandichedwetsa, ndiye ndingolankhula, iye amvetsere bwino.

Mphwanga, wati inu achinyamata a kumpingo mwasonkha kandalama, mukufuna kukakwera mapiri kumpoto pa holide ya Ogasiti, ndiye ukufunsa kuti pakati pa Nyika, Chikangawa ndi Livingstonia mupite kuti. Ine ndikuti pitani ku Livingstonia, ndipo phirilo mukalikwere wapansi kuyambira pa Chitimba. Nyika isungeni kaye, mudzapite chaka china mutakonzeka.

Osati kuti ku Nyika n'koipa ayi. Zaka zija ndinkaphunzitsa ku Rumphi ndinakuona ndi maso angawa, ndipo m'Malawi muno sindinaone malo ena otere. Pamwamba pake ndi timapiri ta udzu wokhawokha, kutsatizanatsatizana mpaka maso kutopa, mbidzi, ntchefu ndi achilembwe zikungodya poyera. Nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Ngakhale njovu ziliko, zina anazitenga ku Liwonde mu 2017, nthawi ija ankabweretsa zambirimbiri kuno kunkhalango yathu ya Nkhotakota. Koma vuto ndi kafikidwe. Kuchoka pa Rumphi kukafika pageti ya Thazima ndi mtunda, kuchoka pageti kukafika ku Chelinda, komwe alendo amagona, ndi mtunda winanso wofanana nawo, zonse pamodzi makilomita oposa 100, ndipo minibasi sifika ku Chelinda. Pamafunika galimoto yamphamvu ya hayala, ndiye kandalama kanuko kangathere pamafuta musanaponde n'komwe phiri. Komanso mmenemo simuyenda nokha, mumayenda ndi a gemu, nawonso pali cholipira.

Chinanso ndi kuzizira. Ife a kunyanja kuno tikamva mwera timati kwazizira, koma ku Chelinda mu Juni ndi Julaye udzu umadzuka uli mbee ndi chisanu, ndipo Ogasiti amakhala asanaiwale. Ana ozolowera kugona ndi chitenje chimodzi sangapirire usiku wa kumeneko.

Ku Chikangawa ndidutsepo mwachangu. Ndi nkhalango ya paini yodzala ndi anthu, mahekitala pafupifupi 53,000, ankafuna fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. Cha ku Luwawa kuli damu ndi tinjira tabwino toyendamo, ndipo mwala waukulu wa Elephant Rock mumauona muli pamsewu wa M1. Koma malo ambiri anadulidwa matabwa, kwina kunapsa, ndipo Ogasiti ndiye nyengo ya moto ikuyamba. Nkhungu ikagwa, mizere ya painiyo imangofanana yonse, munthu umasokera uli pafupi ndi msewu. Kumeneko n'kwabwino ukakhala ndi wokudziwira njira.

Tsono za Livingstonia, mvetsera. Mukanyamuke pano m'mamawa kwambiri, msewu wathu womwewu wa M5, kudutsa Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay mpaka Mzuzu. Musanafike pa Chintheche pali Bandawe, dzina limenelo ulisunge, ndibwererako. Pa Mzuzu mukwere za ku Karonga, mudutse Ekwendeni, mutsike Chiweta, mukatsikire pa Chitimba. Tsiku limenelo musayerekeze kukwera phiri, mudzakhala mutatopa ndi minibasi. Gonani pa Chitimba, m'mphepete mwa nyanja, pofunda ngati kwathu kuno.

M'mawa mwake, kusanache bwinobwino, muyambe msewu wa Gorodi. Ndi makilomita ngati 15, wokhotakhota, makona ake pafupifupi 20, ndipo mumakwera mamita oposa 700 kuchoka panyanja. Wachinyamata woyenda bwino amatenga maola atatu kapena anayi. Chomwe ndikukakamizira kuti muyende wapansi n'chakuti pakona iliyonse ukatembenuka nyanja imakhala ikukulirakulira kumbuyo kwako, mabwato a asodzi akucheperachepera, ndipo kukayera bwino mapiri a ku Tanzania amaoneka kutsidya. Iwe wabadwira panyanja, umasambamo tsiku ndi tsiku, koma sunaione uli pamwamba pake. Wokwera matola amadutsa zonsezi atagwiritsa chitsulo, maso ali pa phompho.

Pali tinjira tachidule todula makonawo. Anthu a kumeneko amadutsa momwemo atasenza katundu, koma inu musalowemo popanda mmodzi wa iwo patsogolo, n'totsetsereka kwambiri ndipo nyengo imeneyo timiyala timaterereka. Pezani mnyamata wa pa Chitimba pomwepo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Ndipo moni, mphwanga. Kumeneko ndi Chitumbuka. Mukakumana ndi akuluakulu nenani kuti "monire", akakuyankhani kuti "yewo". Chichewa amamva, koma mawu awiriwo amatsegula mitima.

Mukatsala pang'ono kufika, makilomita ngati 4, pali mathithi a Manchewe. Madzi amagwa mamita pafupifupi 125, pansi pake nkhalango yowirira bii. Kuseri kwa madziwo kuli phanga, ndipo eni dera, Aphoka, amafotokoza kuti makolo awo ankabisalamo pothawa nkhondo ndi ogwira akapolo. Inu ana a ku Nkhotakota, amene mumadutsa pamkuyu pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, wogulitsa akapolo uja, mukalowe m'phangamo mwaulemu, chifukwa anthu ogwidwa m'dziko muno ambiri ankawolotsedwa nyanja kuchokera padooko la kwathu konkuno. Apa ndiye ndikuchenjeze kwambiri za zithunzi. Pamwamba pa mathithiwo miyala ndi yoterera, ndipo achinyamata mukagwira foni mumaiwala kuti kumbuyo kuli phompho. Iwe ndiwe mtsogoleri, aliyense wofuna kujambula aime pomwe wokuperekezaniyo wanena, basi.

Mukafika pamwamba, pa Khondowe, mupite ku Stone House, nyumba ya miyala yomwe ankakhala Dr Robert Laws, pano muli zinthu zakale zoonetsa anthu. Mishoni ya Livingstonia, yomwe a Laws ankatsogolera, inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe kuja mu 1881, nakonso malungo sanawasiye, ndiye mu 1894 anakwera phirili kufuna kozizira. Ndiye ukaona, njira yanuyo kuchokera kunyanja kukafika pamwamba ndi yomweyo inayenda mishoni. Mutchalitchi chachikulu muli zenera la magalasi amitundumitundu lojambulidwa Livingstone, mukapemphe akutsegulireni. Yunivesite ya Livingstonia ilinso pomwepo, anzako a Fomu 4 akaione, mwina ena mtima ungawagwire.

Mukadzuka ndi mphamvu tsiku lachiwiri, kuli phiri la Chombe, kupita ndi kubwera ndi ulendo wa tsiku. Koma ukaone miyendo ya anzako kaye. Gulu limayenda ndi liwiro la wofooka, wina asasiyidwe m'mbuyo yekha.

Zonyamula. Mapatapata asiyeni pa Chitimba, aliyense avale nsapato zotseka zomwe anazizolowera kale, zatsopano zimatupitsa matuza. Madzi malita awiri munthu mmodzi, chifukwa kumunsi kwa Gorodi dzuwa likakwera kumatentha. Mbatata yophika, mtedza, nthochi, zimenezo zimagwira m'mimba kuposa mabisiketi. Juzi ndi bulangete aliyense, pamwambapo usiku kumazizira ngakhale sikufika pa Nyika. Tochi, mapanado, bandeji. Chiphaso cha unzika musaiwale, malo ambiri olipiritsa Mmalawi amalipira zochepa akaonetsa. Ndalama ina ikhale yapamanja, ya timasenti, musadalire ya pafoni yokha. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo mubwerere nazo m'zikwama, ndipo wina asayatse moto patchire.

Achemwali, ndikudziwa mtima uli m'mwamba, koma mulekeni apite, ndi ulendo wotheka. Chomwe ndingapemphe n'chakuti pakhale wamkulu mmodzi wa amuna ndi mmodzi wa amayi, ndipo abusa awo alembere kalata a kumeneko kuti anawa adziwike ndi kupeza pogona pabwino.

Mphwanga, musanapite muyesere kaye. Loweruka lina kwerani galimoto mupite kunkhalango ya Ntchisi, kapena ku Senga Hills ku Salima, muyende maola atatu mutabereka zikwama zanu zomwezo. Mukadziwira pamenepo woti nsapato zikumuluma ndani, wa befu ndani. Ukatero unditumizire chiwerengero chanu ndi ndalama mwasonkhayo, tiwerengere limodzi za thiransipoti, ndipo ndiimbira mnzanga wina amene tinkaphunzitsa naye, akufunsireni za pogona pa Chitimba. Moni kwa alamu.