Mwana wanga akutchula mphunzitsi wake dzina loyamba: kodi wataya ulemu ku Scotland?

Funso

Akonzi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Chiputula kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wachiwiri, amene anaphunzira pa yunivesite ya Mzuzu, anapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo ananyamuka mu Sepitembala chaka chatha. Timalankhulana pa WhatsApp Lamlungu lililonse, koma zimene amandiuza zikundisowetsa mtendere. Mphunzitsi wake, munthu wa imvi, amangomutchula dzina loyamba ngati mnzake wosewera naye. Anthu oyandikana naye nyumba akuti sawadziwa ngakhale mayina, ndipo anzake atamuitana kokadya, aliyense analipira yekha. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti msuweni wake wa ku Manchester atafuna kukamuona, iye anamuuza kuti ayambe agwirizana tsiku. Mu Disembala mawu ake ankamveka ofooka, ndipo ankangoti akugona kwambiri. Kodi mwanayu wataya khalidwe limene tinamulera nalo?

Mayi wodandaula, Chiputula

Yankho

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ine ndinakhalako chaka chimodzi pa maphunziro ku Edinburgh, mzinda umene munthu amafikako pa ola limodzi pa sitima kuchokera ku Glasgow, ndipo zonse zimene mwatchulazi ndinakumana nazo. Sindikuona kuti mwana wanu wataya khalidwe. Iye akuphunzira malo amene anthu a kumeneko amaikapo ulemu wawo, pakuti sauika pamene ife timauika.

Tiyambe ndi dzina. Kuno kumpoto munthu wamkulu timamuitana ndi chiwongo chake, kapena timati bambo a uje, mayi a uje, ndipo mwana wotchula dzina lenileni la mkulu timati ngwamwano. M'mayunivesite a ku Scotland aphunzitsi ambiri, ngakhale mapulofesa okalamba, amauza ophunzira awo tsiku loyamba lomwe kuti aziwatchula dzina loyamba, makamaka a digiri yachiwiri amene amawaona ngati anzawo pa ntchito ya kafukufuku. Ine panapita miyezi iwiri lilime langa lisanavomere. Ndinkangoti "Pulofesa" nthawi zonse, mpaka mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandifunsa mofatsa ngati panali chimene anandilakwira, chifukwa kwa iwo kukakamira pa udindo kunkaoneka ngati ndikudzipatula. Choncho mwana wanu akamatchula dzinalo akutsata zimene mwini wake anapempha. Ulemu umene mphunzitsi wa kumeneko amauyembekezera ndi wa kufika pa nthawi imene munapangana, kupereka ntchito tsiku lake lisanadutse, kutchula mwini wa ganizo lililonse limene walitenga m'buku, ndiponso kumuyang'ana m'maso polankhula naye. Chomalizachi chimativuta ife amene tinaleredwa kuti mkulu akamalankhula tiziyang'ana pansi, koma kumeneko munthu wozembetsa maso amamuganizira kuti sakumvetsera kapena akubisa kanthu. Ngakhale wotsutsa mphunzitsi m'kalasi, ngati ali ndi umboni, amamuyamikira, ndipo amene amamudera nkhawa ndi uja wongokhala chete.

Nkhani ya msuweni ndikuimvetsa chifukwa chake inakuwawani. Kwathu mlendo amangofika pakhomo n'kunena kuti odi, mayi n'kuwonjezera ufa mumphika, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma taganizirani mmene wophunzira wa kumeneko amakhalira. Nthawi zambiri chipinda chake chimakhala cha bedi limodzi, khitchini amagwiritsa ntchito ndi ophunzira ena, ndipo nyumba zambiri za ophunzira zili ndi malamulo okhudza alendo ogona. Digiri yachiwiri ku United Kingdom kawirikawiri imatha m'miyezi 12 yokha, ndipo chiphaso cha wophunzira chimamulola kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa mlungu sukulu ili mkati, motero tsiku lililonse limakhala ndi ntchito yake. Ulendo wa pa sitima kuchokera ku Manchester ndi wa maola opitirira atatu, ndipo tikiti imatsika mtengo munthu akaigula masiku asanafike. Kugwirizana tsiku kumathandiza kuti mlendo asapeze pakhomo pali potseka, mwini wake ali ku ganyu. Komabe mumukumbutse mwanayo, ndipo apa ndikugwirizana nanu, kuti mbale akagwa m'mavuto safunika kudikira tsiku lopangana.

Za kulipira chakudya musazitengere kumtima. Kumeneko kuitana mnzako kumalo odyera kumatanthauza kuti tiyeni tikadyere pamodzi, osati ndikakugulira, ndipo kwa wophunzira wa ndalama zochepa mwambowu umamuteteza kuti asasenze mtolo wa gulu lonse.

Chimene chimabaya mtima wa Mmalawi aliyense ndi moni. Inu mukachoka ku Chiputula kupita kumsika waukulu mumaima kangapo, uyu mukumulonjera m'Chitumbuka, uyo m'Chichewa, kufunsa za ana, za odwala ndi za kumunda. Ku Scotland munthu amakufunsa kuti uli bwanji akuyenda, osaima kuti amve yankho, ndipo ukayamba kumufotokozera za mutu umene unakuvuta usiku amadabwa. Oyandikana nawe nyumba angathe kukumwetulira pamasitepe chaka chonse osakufunsa kumene unachokera. Poyamba ndinkayesa kuti n'kunyoza, koma ndinadzazindikira kuti iwo amaona kufunsa zambiri ngati kulowerera moyo wa munthu, ndipo kukusiya wekha amakuyesa ulemu. Anthu omwewo saphangirana pamzere, amakugwirira chitseko ukamabwera m'mbuyo mwawo, amathokoza dalaivala potsika basi, ndipo amapepesa ngakhale pamene iwe ndiwe wawagunda. A ku Glasgow makamaka amadziwika kuti ndi ochezeka, moti nkhalamba ingathe kuyamba nawe nkhani ya nyengo pokwerera basi ngati munadziwana kale.

Sindikunena kuti njira yawoyo iposa yathu. Nkhalamba ina ya m'nyumba yoyandikana ndi yathu ku Edinburgh inamwalira, ndipo ine ndinamva patapita milungu iwiri, osamva kulira, osaona moto wa pasiwa, osapemphedwa nkhuni kapena ufa. Maliro a kumeneko amakhala a anthu ochepa, amachitika patapita mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo mitembo yambiri amaiwotcha m'malo moiika m'manda. Tsiku limenelo ndinalakalaka kwathu koposa tsiku lina lililonse, ndipo mpaka lero ndimaona kuti pa nkhani ya maliro ndi ya kusamala okalamba tili ndi chuma chimene sitiyenera kuchitaya. Mwana wanu akakuuzani kuti sadziwa oyandikana naye, mwina sakudzitama. Angakhale akukuuzani kuti akusowa anthu.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo, chifukwa chimene mwachitchula pomaliza ndicho chandidetsa nkhawa koposa zonse. Kuno ku Mzuzu timadziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi, koma dzuwa limatuluka ndi kulowa pafupifupi pa nthawi yomweyomweyo chaka chonse. Ku Glasgow mu Disembala dzuwa limatuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa ndipo limalowa 4 koloko isanakwane, motero usana umakhala wa maola 7 okha, nthawi zambiri kuli mitambo ndi mvula yowaza. Mu Juni zimatembenuka, kumakhala kukuwalabe mpaka 10 koloko usiku. Mdima wautali wotere umafooketsa thupi ndi maganizo: munthu amagona kwambiri, amasowa chilakolako cha ntchito, ndipo amayamba kudzitsekera m'chipinda. Zimenezi zimachitikira ngakhale eni dziko, koma zimakula kwa mlendo amene alibe womugogodera pakhomo. A zaumoyo kumeneko amalangiza anthu kumwa vitamini D m'miyezi yozizira, makamaka a khungu lakuda, chifukwa dzuwa la nyengo imeneyo silikwanira kuti thupi lipange lokha. Mumufunse ngati analembetsa kwa dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha GP, pakuti ndalama ya chithandizo cha zipatala za boma (NHS) inalipiridwa kale pamene ankatenga chiphaso, ndipo mumuuze kuti kupita kwa alangizi a ophunzira pa yunivesite si chinthu chochititsa manyazi.

Mwayi wake ndi wakuti ali m'dziko limene dzina la Malawi silachilendo. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland, pafupi ndi Glasgow pomwepo, m'chaka cha 1813. Amishoni amene anakhazikitsa Livingstonia, kuphatikizapo Robert Laws amene anasamutsira mishoniyo ku Khondowe mu 1894, anachokera komweko, ndipo mipingo yambiri ya Church of Scotland ili pa ubale ndi mipingo ya CCAP. Mu 2005 maboma a Scotland ndi Malawi anasainirana pangano la mgwirizano, ndipo bungwe la Scotland Malawi Partnership limalumikiza sukulu, mipingo ndi anthu a mbali ziwirizi. Akapita kutchalitchi asadabwe kupeza anthu ochepa, ambiri a iwo okalamba, ndi mapemphero otha pa ola limodzi, koma akakhala nawo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero n'kutchula kuti ngwa ku Mzuzu, sichachilendo kupezapo wina amene anafikapo ku Ekwendeni. Ine anzanga enieni oyamba ndinawapeza pa tiyi wotereyo.

Lamlungu likubwerali musayambe ndi kumudzudzula. Mufunseni kuti wadya chiyani, wadya ndi yani, ndiponso kuti mlungu umenewo watuluka panja kangati kukuwala. Dziwaninso kuti iwo amasintha mawotchi kawiri pa chaka, Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, motero m'nyengo yozizira amakhala m'mbuyo mwathu ndi maola awiri, ndipo m'nyengo yofunda ndi ola limodzi. Mukamuimbira 7 koloko m'mawa mu Januwale, kwa iye ndi 5 koloko, kunja kuli bii.

Funso

Akonzi, ndine mtsikana wa ku Luwinga ndipo ndikupita ku Aberdeen m'dziko la Scotland mu Sepitembala. Kodi ndinyamule ufa ndi ndiwo, nanga ndi zinthu ziti za kuno zimene zikandithandize kumeneko?

Wophunzira, Luwinga

Yankho

Mchemwali, musalemetse chikwama chanu ndi ufa, chifukwa ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa ndi ku Asia m'mizinda ikuluikulu, ngakhale kuti nsima yake siyifanana kwenikweni ndi ya ufa woyera wa kwathu. Chimene simukachipeza msanga ndi mthiko ndi chipande, choncho zimenezo munyamule. Nyama ndi zakudya za mkaka zochokera kuno siziloledwa kulowa m'dzikomo, ndipo akakupezani nazo pabwalo la ndege adzakulandani. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umagulitsidwa m'masitolo ena a ku Scotland, koma mtengo wake si wa kumsika wa Mzuzu.

Mapulagi a magetsi ndi a mano atatu ngati athu omwewa, magalimoto amayenda kumanzere monga kuno, ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa osawiritsa. Jekete lochindikala mukagule komweko, m'masitolo a mabungwe achifundo ogulitsa kaunjika, pakuti majuzi amene timavala kuno mu Julayi sangalimbane ndi mphepo ya kunyanja ya ku Aberdeen. Munyamule zitenje zingapo, zina zovala pa masiku amene ophunzira amaonetsa chikhalidwe cha kwawo, zina zopereka ngati mphatso, pamodzi ndi khofi wa Mzuzu. Mukaitanidwa kunyumba kwa munthu mufike pa nthawi imene mwauzidwa, mutenge kamphatso kakang'ono, ndipo akakufunsani ngati mukufuna chakudya china muvomere nthawi yoyamba yomweyo, chifukwa mukakana mwaulemu monga timachitira kuno poyembekezera kuti akukakamizani, mwini nyumba adzakhulupirira kuti mwakhuta n'kuchotsa mbale.