Mfuti zikulira, koma owerenga akusinza: chalakwika n'chiyani?

Wowerenga wina watilembera imelo: "Nkhani yanga ili ndi mfuti, kuthamangitsana pa galimoto, ndipo anthu atatu akufa m'mutu woyamba. Koma anzanga akumaisiyira pa tsamba 10. Ndiwonjezere chiyani?"

Musawonjezere kanthu, akulu. Anthu atatu aja afa tisanawadziwe, ndiye maliro ake ndi a eni. Nkhani za mtundu wa thriller, zija zogunditsa mtima, siziyendera phokoso ayi, zimayendera nkhawa, ndipo nkhawa imabwera owerenga akadziwa zinthu ziwiri: chimene mwininkhani ataye akalephera, ndi nthawi imene yamutsalira.

Tiyerekeze mlonda wa ku Kanengo. Wamva kuti mlongo wake watsekeredwa mukontena ya lole imene inyamuke 4 koloko m'bandakucha kulowera kuchipata cha Dedza. Panopa ndi 11 koloko usiku. Basi, wotchi yayamba. Zimenezi zidziwike tsamba lachitatu lisanathe, ndipo mutu uliwonse uzimudyera nthawi. Akathana ndi vuto limodzi, njira yomwe wathanirana naloyo ibale lina lalikulu: wabwereka njinga yamoto, koma mwiniwake ndi mlamu wa dalaivala wa lole ija.

Alfred Hitchcock, katswiri wa mafilimu, ankafotokoza ndi chitsanzo cha bomba lobisika pansi pa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi, owonera amadzidzimuka kwa masekondi ochepa. Koma akaonetsedwa bombalo pasadakhale, ngakhale macheza wamba a patebulopo amawagunditsa mtima. Choncho musamabise zonse. Tionetseni dalaivala akuyimbiridwa foni kuti anyamuke 2 koloko, mlonda wathu asakudziwa.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa foni ndi mtunda. Wowerenga afunsa kuti, bwanji osangoyimbira apolisi? Yankho likhale lochokera m'nkhanimo, monga kuti mlondayo analandirapo kangachepe kuti atsinzine makontena akamatuluka usiku, ndiye kukanena n'kudzimangitsa. Zoti batire latha kapena netiweki yavuta mungagwiritse ntchito kamodzi kokha, kachiwiri ndi ulesi. Za mtunda nazo, kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, marodibuloko ali m'njira. Munthu wanu akafika pa maola awiri, amene amakwera basi pamsewu wa M1 atseka bukulo.

Mitu ikhale yaifupi, mawu 1,000 mpaka 1,500 akukwana. Lowani mochedwa, tulukani msanga: malonje, kuthira tiyi ndi kutsanzikana dulani. Mutu uzithera pamene chitseko chikutseguka, osati aliyense atagona. Komabe pakadutsa mitu itatu kapena inayi yothamanga, mupatseni mwininkhani mpata apume, awerengere ndalama zomwe zatsala m'thumba, aganize zobwerera.

Tsopano tengani mutu wanu woyambawo, musiye imfa imodzi yokha, muisunthire kumapeto kwa mutu wachitatu, ndipo wophedwayo akhale wofunika ngati munthu yekhayo amene amadziwa nambala ya lole m'chitsanzo chathu chija.