Chifukwa chake dzina la mudzi silikuoneka mu Solr

Achimwene, mwati mwaika kaundula wa alimi a kopaletivu yanu ya ku Katete mu Solr, pulogalamu yofufuzira zolembedwa, ndipo mukalemba dzina la mudzi alimi akupezeka ndithu, koma pa zotsatirazo malo a mudzi akubwera opanda kanthu. Palibe chawonongeka. Tsegulani schema, fayilo yofotokoza mmene Solr asungire gawo lililonse la kaundula, muone field (gawo) ya mudzi, ndikukhulupirira mupeza indexed="true" koma stored="false".

Ziwirizi ndi ntchito zosiyana. Field ikakhala indexed, Lucene, pulogalamu imene Solr amaidalira pofufuza, amaphwanya mawuwo m'zidutswa, nkulemba mndandanda wosonyeza kuti liwu lakuti likupezeka m'zikalata zakutizakuti (pano chikalata ndi zolembedwa za mlimi mmodzi). Zili ngati masamba akumapeto kwa buku la sukulu aja: amakuuzani tsamba loti mutsegule, koma zolembedwa patsambapo sakupatsani. Stored ndiye kusunga mawuwo monga munawalembera kuti abwezedwe kwa wofufuza.

Dzina la mlimi ndi mudzi wake, ikani true pa indexed ndi pa stored pomwe. Pamenepa musaumire malo, mayina satenga disiki yambiri.

Pa NRC, nambala ya chitupa cha unzika, ndiye ndikupempheni musamale kwambiri. Nambala ija ili ndi zigawo 3 zolekanitsidwa ndi timizere, ndipo mukaiika ngati text_general, mtundu wa field wa mawu wamba, Solr aidula pa timizerepo. Mukafufuza munthu mmodzi angakubweretsereni khamu la anthu amene akungofanana naye kachigawo kotsiriza. Tsiku logawa feteleza, anthu ali pamzere padzuwa, zimenezo zingachititse kuti thumba lipite kwa a Phiri ena. Iikeni ngati string, mtundu wa field umene sudula mawu, kuti isungidwe yathunthu.

Chiwerengero cha matumba a chimanga kapena mtedza, ngati mukufuna kusanja kuyambira wokolola zambiri kapena kuwerenga alimi chigawo ndi chigawo, yatsani docValues pa field yake, imene imathandiza Solr kusanja ndi kuwerenga mwachangu. Ndemanga zazitali za alangizi zingakhale indexed yokha, pokhapokha ngati mukufuna kuti kachidutswa kamene kali ndi liwu lofufuzidwalo kazioneka pa zotsatira. Pamenepo stored ifunika.

Musaganize kuti stored="false" imabisa chinsinsi. Mawu amene alowa mu index, mndandanda wofufuzira uja, munthu wodziwa angathe kuwaona ndithu. Manambala a foni a alimi ngati sakufunika pofufuza, asalowemo nkomwe, akhale mu database.

Mukasintha schema, zikalata zakale sizisintha zokha. Solr sangabweze mawu amene sanawasunge poyamba, choncho muyenera kutumizanso kaundula yense kuchokera ku database kapena ku fayilo yanu ya Excel. Yambani ndi alimi a mudzi umodzi, mufufuze ndi dzina, ndi mudzi, ndi NRC, muone ngati zonse zikubwera bwino musanatumize otsalawo.