Shuga pa bala la mafinya: yankho kwa mayi a ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Rosettenville, kuno ku Joni. Bambo akunyumba kwawo anachekeka ndi lata pamsongolo ali kuntchito yomanga. Papita masiku 9, bala likutuluka mafinya, layamba kununkha, ndipo bambowo akukana kupita kuchipatala poopa kufunsidwa mapepala. Anzawo a kutchalitchi awauza kuti athirepo shuga. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, n'zoona, shuga amathandiza. Mukaika shuga pambale n'kudonthezapo madzi, amawayamwa onse. Pabala amachitanso chimodzimodzi: amakoka madzi, tizilombo timasowa chinyezi chochulukiramo, fungo limachepa. Moses Murandu, namwino wa ku Zimbabwe amene anakaphunzitsa ku University of Wolverhampton, anaona bambo ake akuchita izi ali mwana, kenako anakaziyesa pa odwala ku UK. Kwathu komwe, mu 2007 madokotala a chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anayerekeza shuga ndi uchi pa mabala, ndipo uchi unaposa pang'ono.

Ine ndinaziona ndi maso podwazika azakhali anga. Namwino ankatsuka chilonda, n'kudzaza shuga woyera mpaka kusefukira, n'kumanga bandeji. Pofika m'mawa shuga yense anali atasungunuka ngati manyuchi, bandeji ili nyowe. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Shuga akasungunuka mphamvu yake yatha, ndiye amafunika kutsuka ndi kuthira wina, kamodzi kapena kawiri patsiku. Madzi otsukira akhale owiritsa n'kuzizira, kasupuni kamodzi ka mchere mu theka la lita. Shuga wake akhale wa m'paketi yongotsegula kumene, osati wa m'mbale yomwe ana amapisamo supuni ya tiyi. Ndipo mumange bwino, nyerere sizichedwa.

Koma mayi, zomwe mwalembazi zandidetsa nkhawa. Shuga amagwira pamwamba pokha. Tizilombo tikalowa mkati mwa mnofu kapena m'fupa, sangafikeko, ndipo pamsongolo fupa lili pafupi kwambiri ndi khungu. Onani usiku uno: kodi kufiira kukufalikira? Mwendo watupa? Atuluka mwanabere? Thupi likutentha kapena akunjenjemera? Chimodzi mwa izi chikakhalapo, musadikire kuti kuche. Ngati bambo ali ndi matenda a shuga, bala la kumwendo si lodzichitira pakhomo ngakhale litaoneka laling'ono. Palinso kafumbata, amene amalowera pa mabala ngati a latawa. Katemera wake simungamupeze kukhitchini.

Za mapepala ndikuzimva, tonse a ku Joni kuno mantha amenewo timawadziwa. Komabe gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino la South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Yambani ku kiliniki ya pafupi, tengani pasipoti ngati ilipo, ndipo mupite ndi mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chingerezi. Zikavuta kwambiri, zipatala za Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi mbali ya odwala mwadzidzidzi yotsegula usiku wonse.

Akakaliona balalo, afunseni anamwino ngati mungamathire shuga kunyumba pakati pa masiku obwerera. Mundilemberenso mukabwerako, ndimve mmene mwendo uliri.