Mtengo wa lisiti ndi wopanda lisiti: akupindula ndani?

Mayi wina amene akumanga nyumba ku Blantyre wanditumizira imelo. Akuti pokagula malata, mwini sitolo anawatchulira mitengo iwiri, wa lisiti ndi wopanda lisiti. Funso lawo nali: "MRA ikakakamiza aliyense kupereka lisiti la makina, kodi katundu sakwera? Nanga ife ogula tipindulanji?"

Mayi, sindikubisirani: m'sitolo imeneyo mtengo ukwera ndithu. Koma tiyeni tiwerengere limodzi, pogwiritsa ntchito VAT ya 16.5 peresenti yomwe tinaizolowera kwa zaka zambiri. Tinene kuti malata ndi a K100,000. Ndi msonkho akhala K116,500. Wogulitsa akakuuzani kuti "opanda lisiti ndipatseni K108,000", inu mwapulumutsa K8,500, koma iye waika m'thumba K8,000 pamwamba pa phindu lake la nthawi zonse. Ndalama ya boma mwagawana awiri, ndipo wasankha kagawidwe kake ndi iyeyo. Malatawo akapezeka opyapyala kuposa geji yomwe munagwirizana, inu mulibe pepala loti mubwerere nalo.

Kuzembaku kumachitikira pa kauntala chifukwa cha mmene VAT inapangidwira. Fakitale ikagulitsa kwa wapikulitsa, wapikulitsayo amalifuna lisiti, poti ndi limene limamuthandiza kuchotsera msonkho womwe walipira kale pa msonkho womwe akapereke. Wasitolo nayenso amalifuna kwa wapikulitsa. Aliyense amakhala mboni ya mnzake osatumidwa. Unyolo umadukira pa inu, wogula womaliza, chifukwa lisiti silikubwezerani kanthu. Makina otulutsa malisiti a msonkho, otchedwa EFD, omwe MRA inabweretsa mu 2014 cholinga chake chinali kutseka mpata umenewu, kuti malonda aliwonse azidziwika ku Msonkho House, likulu la MRA. Koma makina sadzidina okha.

Kuti mboni ndi yamphamvu kuposa chiopsezo, anthu anayesapo. Ku Denmark akatswiri anafufuza okhoma msonkho oposa 40,000. Pa ndalama zomwe abwana kapena banki amauza kale boma, zobisidwa sizinafike 1 peresenti. Pa ndalama zomwe munthu amanena yekha, zobisidwa zinayandikira 40 peresenti. Anthu ake ndi omwewo, dziko lake lomwelo. N'chimodzimodzi kuno: mphunzitsi sazemba PAYE, poti imadulidwa malipiro asanafike m'manja.

Tsono nkhani ya mitengo, yomwe ndi mtima wa funso lanu. Kukwera kwake kumadalira kuchuluka kwa ozemba pa malonda amenewo. Ngati ozemba ali ochepa, iwo amangotsitsa pang'ono kunsi kwa mtengo wa okhoma msonkho, zotsalazo n'kudya okha. Akagwidwa sangakweze kupyola anzawo okhulupirika, choncho chimene chimachepa kwambiri ndi phindu lawo. Koma ngati mzere wonse wa masitolo ukuzemba, mpikisano umakhala utatsitsa kale mitengo, ndipo lamulo likalimba wogula amamva kuwawa kwenikweni. Kumeneko kudandaula kwanu n'koona, ndipo boma lisamakane.

Chimene chimandipweteka ine ndi wamalonda wokhulupirika. Amadina lisiti lililonse, ndiye katundu wake amaoneka wodula, makasitomala n'kumathawira khomo loyandikana nalo. Pakapita nthawi amatseka, apo ayi nayenso amayamba mitengo iwiri. Msika ukatere amatsala ndi odziwa kubisa, ngakhale katundu wawo akhale wosalimba. Boma likaona kuti ndalama sizikukwana limakweza msonkho pa omwe akuoneka kale, ndipo mumalipira ndinu nomwe, pa mayunitsi a foni ndi pa zogula za mu supamaketi. Dziwaninso kuti chimanga ndi masamba a pamsika zilibe VAT, ndipo wa kaokala kakang'ono sakakamizidwa kulembetsa, choncho si zonse zimene zingakwere.

Makina paokha sakwanira. Ku Ecuador boma litauza makampani kuti likudziwa malonda omwe anabisa, ambiri mwa omwe anakonza mapepala anawonjezeranso ndalama zomwe amati anawononga, msonkho n'kungosuntha pang'ono. Ku São Paulo, m'dziko la Brazil, anatenga njira ina mu 2007: wogula akalembetsa nambala yake pa lisiti, amabwezeredwa gawo la msonkho ndi kulowa mpikisano wa mwezi ndi mwezi. M'zaka zinayi, malonda omwe masitolo ankaulula anakwera ndi 21 peresenti.

Ine ndimaona kuti MRA iyenera kutsata njira yotereyi, komanso kuchepetsa mtolo wa makina, netiweki ndi magetsi, poti wamalonda zonsezi amaziika pa mtengo. Pakali pano, Mayi, pa malata ndi simenti funsani lisiti la makina, muone kuti pali TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya sitoloyo, tsiku ndi geji ya malata, ndipo mulisunge mpaka nyumba ithe.