Maganizo otsatsira malonda amachokera kuti?

Funso: Ndayamba kujambula mavidiyo otsatsa malonda, koma maganizo atsopano akundisowa. Akatswiri amawatenga kuti?
Wowerenga, Zomba

Yankho: Amawatenga kwa ogula. Ngati mukutsatsa sopo, pitani pamjigo kapena pagolosale mukamve zimene amayi amanena akamamuyamikira kapena kudandaula, ndipo mulembe mawu awowo tsiku lomwelo. Zokopera pa YouTube zimakanika chifukwa nthabwala zakunja kawirikawiri siziseketsa munthu wa ku Ndirande.

Kenako sankhani uthenga umodzi wokha. Masekondi 30 ndi ochepa zedi. Mwini katundu akaumirira kuti mtengo, ubwino ndi nthambi zake zonse zilowemo, woonera satolapo kanthu, choncho mukambirane naye msanga. Musanabwereke kamera, jambulani nkhaniyo papepala m'mabokosi 6 mpaka 8, muiwerenge mokweza mukuyang'ana wotchi.